Lenzi ya kaunjika si manyazi, koma musaigule mumdima

Pali funso limene limabwerabwera m'magulu a WhatsApp a achinyamata ojambula zithunzi, ndipo amene amafulumira kuliyankha ndi anthu oti sadzasonkhapo ngakhale tambala imodzi. Wina amalemba kuti wapeza kandalama, ndiye akufunsa ngati agule lenzi yakale yogwirapo kale ntchito, kapena adikire mpaka adzakwanitse yatsopano, ija ili ndi zilembo zowonjezera kumapeto kwa dzina. Mphindi ziwiri sizitha, mayankho ayamba kugwa: "Gula yatsopano mphwanga, zakale n'zotha." Wina amaponya vidiyo ya pa YouTube ya mzungu amene akuyerekeza malenzi awiri ali m'chipinda chodzaza ndi makamera oposa khumi. Wofunsa uja amangoti zikomo, n'kubwerera ku kalenzi kake ka 18-55mm kamene kanabwera ndi kamera, n'kudikira chaka china.

Ine ndikuti kwa wachinyamata amene akuyamba ntchitoyi ku Ntcheu, nthawi zambiri yankho ndi lenzi yakale. Koma mawu oti "nthawi zambiri" ali ndi ntchito yake m'chiganizochi, ndipo ndibwererakonso.

Tiyambe ndi munthu amene tikumunenayo. Wamaliza sukulu ya ukachenjede, kaya ku Zomba, ku Blantyre kapena ku Mzuzu, makalata ofunsira ntchito watumiza mpaka watopa, ndipo wabwerera kwawo ku Nsipe, ku Kampepuza, ku Lizulu kapena pa boma penipeni. M'chikwama muli Canon kapena Nikon yakale imene anagula kwa mnzake. Ntchito zake ndi zinkhoswe, maukwati, makwaya ofuna chithunzi choika pa nyimbo yawo, ana omaliza Folomu 4, mabanja ovumbulutsa ziliza, ndipo mwa apo ndi apo kaganyu ka bungwe lina limene labwera kudzaona munda wa kachewere ku Tsangano. Ndalama yogulira lenzi waisonkhanitsa miyezi yambiri, mwina wakongola ku banki mkhonde m'dzina la mayi ake. Akagula molakwika, palibe womubwezera. Ndipo ntchito yake ndi ya mtundu woti sibwerezedwa: mkwatibwi sangalowenso m'tchalitchi kachiwiri chifukwa choti lenzi inakana kugwira nkhope yake.

Chimene ambiri sadziwa n'chakuti dzina latsopano pa lenzi silitanthauza kuti magalasi a m'kati ndi atsopano. Chitsanzo chodziwika ndi lenzi imene pafupifupi wojambula aliyense wa Canon amayambira, ya 50mm f/1.8. Yoyamba inatuluka mu 1987, chaka chimene Canon inayambitsa mtundu wa malenzi wa EF. Yachiwiri, yolembedwa II, inatuluka mu 1990 ndipo inakhala pa msika zaka 25, mpaka mu 2015 pamene inabwera yolembedwa STM. Malenzi atatu onsewa ali ndi magalasi 6 oikidwa m'magulu 5. Chimene chinasintha mu 2015 ndi zozungulira magalasiwo: injini yofokasira inakhala yachete, polumikizira pa kamera panakhala pachitsulo m'malo mwa pulasitiki, timasamba totseka chibowo cha kuwala tinachoka pa 5 kufika pa 7, ndipo lenzi inayamba kufokasa chinthu chili pa masentimita 35 m'malo mwa 45. Zonsezi n'zabwino, sindikuzinyoza. Koma jambulani nkhoswe ziwiri zikusinthana nkhuku pa chinkhoswe, chithunzi china ndi lenzi ya 1990, china ndi ya 2015, kenako muonetse banjalo. Palibe amene adzaloze kuti ichi ndiye chatsopano.

Ngakhale ku malenzi odula, aja oyera amene anyamata amawasilira, nkhani yake imachitikanso. Canon 70-200mm f/2.8L IS II inatuluka mu 2010, ndipo III inatuluka mu 2018. Zonse ziwiri zili ndi magalasi 23 m'magulu 19. Chachikulu chimene anasintha ndi mankhwala opaka pa magalasi, othandiza pamene dzuwa likuwomba molunjika mu lenzi. Munthu amene akulipira ndalama zambiri kuti pa lenzi pakhale timizere titatu m'malo mwa tiwiri, akugula timizereto basi.

Tsono tiyeni ku ndalama, chifukwa kwathu kuno nkhani ya kamera ndi nkhani ya dola. Palibe lenzi imene imapangidwa m'Malawi muno. Mu May 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu November 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti, dola imodzi kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Lenzi ija ya STM inatuluka pa mtengo wa pafupifupi madola 125. Pa mtengo wakale wa dola imeneyo inali K147,500. Kutacha m'mawa inali K212,500, lenzi yomweyo, m'bokosi lomwelo. Apo sitinawerengere zonyamulira, msonkho wa pa chipata, ndiponso choonadi chimene aliyense amachidziwa, choti dola ya pa mtengo wa kubanki wamba saipeza. Mzungu wa pa YouTube uja akamati kusiyana kwa mitengo n'kochepa, akunena za dziko limene malipiro a tsiku limodzi amakwanira kugula lenzi imeneyi. Kuno kusiyana komweko ndi renti ya miyezi ingapo pa Ntcheu boma.

Komanso tidzifunse kumene zithunzi zathu zimathera. Kamera ya mamegapikiseli 24 imatulutsa chithunzi cha timadontho 6,000 m'litali. Facebook imachichepetsa kufika pa 2,048, ndipo WhatsApp, ukatumiza mwa masiku onse, imachifinya koposa pamenepo. Kasitomala amachionera pa foni yokwana m'dzanja, mwina yong'ambika galasi. Akafuna chochapitsa, ndi kachithunzi ka mu alubamu kapena chimodzi chachikulu chopachika pabalaza. Kuthwa kwa m'makona kumene akatswiri amakangana pa intaneti, kumafa chithunzi chisanafike kwa mwini wake. Chimene kasitomala amaona ndi ichi: kodi nkhope yanga ikuoneka bwino, kodi diresi latuluka loyera, kodi kumbuyo kwafufutika mokongola ngati zithunzi za ku tauni? Zinthu zitatu zonsezi lenzi ya zaka 20 imazichita.

Ndipo pali chinthu chimodzi chimene lenzi yakale ya f/1.8 imaposa nacho kalenzi katsopano kobwera ndi kamera, ngakhale katatuluka dzulo. Ndi kuwala. Ka 18-55mm kaja ukakatambasula kufika pa 55mm, chibowo chake chimathera pa f/5.6. Lenzi ya f/1.8 imalowetsa kuwala kochuluka pafupifupi kakhumi kuposa pamenepo. Amene analowapo m'matchalitchi a njerwa a kumidzi kwathu, a mazenera ang'onoang'ono, tsiku la mitambo magetsi atazima, akudziwa tanthauzo la kakhumi kameneka. Ndiko kusiyana kwa chithunzi cha mphete ikulowa pa chala ndi chithunzi cha mizukwa iwiri ikugwedezeka.

Apa ndiye pothera mbali yokoma. Tsopano mawu aja oti "nthawi zambiri".

Msampha woyamba, umene wagwira anthu ambiri a Nikon, ndi wa injini yofokasira. Nikon inayamba polumikizira pake pa F mu 1959, ndipo n'zoona kuti malenzi a zaka zambiri amalowa pa makamera ake. Koma kulowa ndi kugwira ntchito ndi zinthu ziwiri. Lenzi ya AF 50mm f/1.8D ya mu 2002 ilibe injini m'kati mwake, imadalira injini ya m'kamera. Makamera otchipa amene ambiri tili nawo, a D3100, D3200, D3300 mpaka D3500, ndi a D5100 mpaka D5600, injini imeneyo alibe. Ukaika lenzi ya D pa makamera amenewa, uzifokasa ndi dzanja, ndipo kufokasa ndi dzanja pa f/1.8 anthu akuvina perekaniperekani ndi chilango. Pa D90 kapena D7000 lenzi yomweyo imagwira bwinobwino. Kwa mwini D3200, lenzi yoyenera ndi yatsopanoyo, AF-S 50mm f/1.8G ya mu 2011, imenenso magalasi ake anasinthadi. Kuseka kwake n'koti msamphawu ulinso mbali inayo: malenzi atsopano a Nikon olembedwa AF-P safokasa n'komwe pa makamera akale ngati D3100, D5100 ndi D90. Ndiye kuti munthu atha kugula chatsopano chenicheni, cha m'pepala, n'kukhala kuti wagula mwala.

A Canon musaseke. Malenzi akale a FD salowa pa makamera a EOS, ngakhale onse alembedwa Canon. Malenzi a EF-S salowa pa makamera a sensa yaikulu monga 5D ndi 6D. Malenzi atsopano a RF, amene anayamba mu 2018, salowa pa 600D kapena 700D yanu, ndipo palibe adapta yothandiza pamenepo. Wogulitsa wa pa Facebook mwina sakunamizani dala, iyenso sadziwa. Safunsa anadya phula: musanatumize ndalama pa Mpamba kapena Airtel Money, lembani dzina lonse la lenzi ndi dzina lonse la kamera yanu, mufufuze ngati zimagwirizana. Ndi bandulo ya mphindi khumi.

Chachiwiri, si lenzi yakale iliyonse imene ili yabwino. Ina inali yofooka kuyambira tsiku lobadwa. Taganizani za Umhlangano wa Maseko Ngoni, umene umachitikira ku Nkolimbo chaka ndi chaka, pokumbukiranso Inkosi Gomani Chikuse amene anaphedwa ndi atsamunda mu 1896. Kumeneko wojambula wamba sayandikira pamene akhala Inkosi ya Makosi Gomani V, ndipo ovina ngoma, ndi nthenga zawo, zishango ndi zibonga, saima kudikira kamera. Pamafunika lenzi yokoka kutali. Pa msika wa zakale, yotchipa imene imapezeka kwambiri ndi Canon 75-300mm III. Nambala ya 300 imakopa, koma lenzi imeneyi ilibe chothandiza kuti chithunzi chisagwedezeke, ndipo kumapeto kwakeko zithunzi zimatuluka zofewa. Bola 55-250mm, ndipo pa mtundu umenewu ndiye ndinganene mosazengereza kuti tsatirani yatsopano: ya STM ya mu 2013 anaikonzanso magalasi, ndipo imaposa ziwiri zoyamba za 2007 ndi 2011 moonekeratu. Chimodzimodzi 70-200mm f/2.8L IS ija, kuchoka pa yoyamba ya 2001 kufika pa II ya 2010 kunali kusintha kwenikweni. Ndiye funso si loti yakale kapena yatsopano. Funso n'loti pakati pa ziwirizi anasintha chiyani, magalasi, injini, kapena utoto wokha?

Ngati ntchito yanu yaikulu ndi vidiyo, injini imakhala nkhani yaikulu. Ka 50mm II kaja kamalira ngati njuchi yotsekeredwa m'botolo pamene kakufokasa, ndipo maikolofoni ya pa kamera imatola phokoso lonselo pamodzi ndi malumbiro a ukwati. Kamafokasanso modumphadumpha. Wojambula makwaya ndi maukwati pa vidiyo awonjezere ndalama agule STM. Apo sinditsutsa.

Chachitatu ndiye chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa n'cha kwathu kuno: chuku. Magalasi a lenzi amamera fangasi ngati mmene nsapato yachikopa imachitira chuku m'nyengo ya dzinja. Kamayamba ngati kaulusi ka kangaude m'mphepete mwa galasi, n'kumafalikira, ndipo kakakhalitsa kamadya mankhwala opaka pa galasi moti ngakhale mutapukuta chipsera chimatsala. Lenzi imene yakhala zaka m'kabati ya munthu ku Durban kapena ku Dar es Salaam, m'mphepete mwa nyanja, kapena ku Japan kumene chilimwe chake n'cha chinyontho, ikhoza kufika kuno itadwala kale. Ndipo ikafika, nyengo yathu siichitira chifundo: mvula kuyambira November mpaka April, chifunga cha ku Lizulu ndi ku Tsangano m'miyezi yozizira, kenako fumbi la October m'misewu ya ku Bwanje. Ntcheu ili pakati pa Lilongwe ndi Blantyre pa msewu wa M1, kutanthauza kuti kulikonse kumene mungapite kukafuna wokonza, ndi ulendo wa tsiku lathunthu ndi thiransipoti yake. Makampani nawonso amasiya kupanga zipangizo zosinthira za malenzi akale pakapita zaka. Injini ya lenzi ya 2001 ikafa, kawirikawiri ndiye kuti yafa.

N'chifukwa chake ndikuti musagule mumdima. Timadziwa kale kugula kaunjika: palibe amene amalipira jekete pa msika wa Lizulu asanalitembenuze kuona m'khwapa ndi zipi. Koma munthu yemweyo amatumiza K300,000 kwa munthu wosamudziwa wa ku Joni chifukwa cha zithunzi zitatu za pa Facebook. Lenzi yakale igulidwe m'manja. Pitani ndi kamera yanu, osati ya wogulitsa. Chotsani zotsekera zonse ziwiri, muunike ndi tochi ya foni kuchokera kumbuyo, muyang'ane kutsogolo mopendeketsa. Tifumbi tochepa tisakuopseni, lenzi iliyonse ili nato ndipo sitioneka pa chithunzi. Choopsa ndi timizere tonga mizu, ndi chifunga chotuwa m'kati mwa galasi. Kakala kakang'ono pa galasi lakutsogolo n'kopiririka, ndipo ndi pokambira mtengo. Pa galasi lakumbuyo n'koipa kwambiri. Ikani lenzi pa kamera, mufokase chinthu chapafupi kenako chakutali, kakhumi, mukumvetsera. Jambulani khoma la njerwa mutaima molunjika, chibowo chili chotsegula chonse, kenako mukuze chithunzicho muone ngati mbali ina yafufutika pamene inayo ili yakuthwa, chimene chimasonyeza kuti lenzi inagwapo. Jambulaninso pa f/16 muone ngati timasamba tikutseka msanga. Wogulitsa akayamba kuyang'ana wotchi n'kumati basi ikumusiya, msiyeni akwere. Mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Funsaninso kumene lenziyo yachokera. Lenzi yodula imene ikugulitsidwa pa mtengo wa thumba la feteleza, yopanda chotsekera, yopanda bokosi, mwini wake osadziwa ngakhale dzina lake, mwina pali wojambula mnzanu kwinakwake amene akulira. Kugula katundu wakuba ndi mlandu, ndipo dziko la ojambula m'Malawi muno ndi laling'ono. Lenzi iliyonse ili ndi nambala yake.

Amene amalimbikitsa zatsopano ali ndi mfundo imodzi yolemera: waranti. Kunja, lenzi yatsopano ikavuta m'chaka choyamba umaibweza. Koma tiyeni tinene zoona za mmene "zatsopano" zambiri zimafikira kuno. Zimabwera m'chikwama cha msuweni wochokera ku Johannesburg, kapena kwa munthu woitanitsa katundu ku Dubai ndi ku China. Kapepala ka waranti kali m'bokosimo kamagwira ntchito m'dziko limene lenziyo inagulidwa. Kuti mukagwiritse ntchito, lenzi iyenera kukweranso basi kudutsa pa Dedza kapena pa Mwanza, Tete, Zimbabwe mpaka Beitbridge, n'kudzabwerera miyezi itapita, nyengo ya maukwati itatha. Ngati mukugula m'sitolo ya m'dziko muno imene ikulemba pa risiti kuti idzakonza kapena kusintha, waranti imeneyo ndi yeniyeni ndipo ndi yoyenera kuilipira. Ngati ayi, mukulipira pepala.

Pali mfundo ina imene sitiinena mokweza koma imalamulira maganizo athu: maonekedwe. Makasitomala ena amayeza wojambula ndi kutalika kwa lenzi. Ukafika pa ukwati ndi ka 50mm kokwana m'thumba la malaya, wapampando wa komiti amakuyang'ana ngati wabwera kudzaseweretsa anthu, pamene mnzako wa chilenzi choyera cha kilogalamu ndi theka amapatsidwa mpando ndi Fanta. Izi n'zoona ndipo sindinganamizire kuti zilibe kanthu. Koma mwambo ukatha, chimene chimayenda m'mafoni a akuchikazi ndi akuchimuna ndi zithunzi, ndipo ganyu yotsatira imachokera kwa munthu amene anaona chithunzi, osati amene anaona lenzi. Komanso, kunena mwachilungamo, wapampando ujayo sasiyanitsa II ndi III. Ngati n'kudzionetsera, yakale imadzionetsera chimodzimodzi.

Chimene chimandipweteka ndi kuona munthu atathira ndalama zonse pa lenzi imodzi yatsopano, n'kupita ku ukwati ndi batire limodzi, memori khadi imodzi, wopanda fulashi. Batire likatha pakati pa mwambo ku Kandeu, magetsi kulibe, kuthwa kwa lenzi kulibe ntchito. Ndalama imene yatsala pogula yakale ili ndi kopita: batire lachiwiri, khadi yachiwiri, fulashi ya Godox kapena Yongnuo yoti muziwombetsa kudenga, hadi diraivi yosungira zithunzi za makasitomala, ndi chidebe cha pulasitiki chotseka bwino chokhala ndi timapaketi ta silika, tija timapezeka m'mabokosi a nsapato, kuti lenzi isamere chuku. Zinthu zimenezi zimasintha ntchito yanu kuposa timasamba tiwiri towonjezera m'chibowo cha kuwala.

Nthawi inonso ikukomera wogula zakale. Kuyambira 2018, pamene Canon ndi Nikon anatulutsa makamera opanda kalilole m'kati a RF ndi Z, ojambula a m'mayiko olemera akhala akusamukira kumeneko n'kumagulitsa malenzi awo a EF ndi F. Masitolo a zakale monga MPB, KEH ndi Map Camera ya ku Tokyo adzaza nawo, ndipo amalemba poyera ngati lenzi ili ndi fumbi kapena fangasi. Ndi njira yomwe ija imene inatibweretsera Vitz ndi Sienta m'misewu yathu: wina akakweza moyo, ife timatola chimene wasiya chikadali ndi mphamvu. Ndipo lenzi ya EF imene mungagule lero siidzatha ntchito mukadzakwanitsa kamera yatsopano, chifukwa ndi adapta ya Canon imagwira pa makamera a RF, fokasi ndi zonse. A Nikon okha asamale: adapta ya FTZ imafokasa malenzi a AF-S ndi AF-P, koma aja a D amakhalabe ofokasa ndi dzanja. Ngati muli ndi D90 lero ndipo mukulota za kamera ya Z mawa, chilembo chimodzi chimenecho chiwerengereni pa mtengo musanalipire.